Streif ya ku Kitzbühel, kodi imaopsa chani kwenikweni?

Mada_K: Anzanga amene mumatsatira mipikisano ya ski, masewera aja otsetsereka pa phiri la sinowo mutamanga timatabwa tatitali kumapazi, tandithandizani. Januwale akangofika aliyense amangoti Kitzbühel Kitzbühel, owulutsa pa TV akuti Streif ndiye njira yovuta kuposa zonse mu World Cup, koma ndikaona manambala si yaitali kuposa zinzake ndipo liwiro lalikulu kwambiri linapezekanso kwina. Nde chimaipatsa dzina nchani? Kapena ndi kutchuka chabe poti anthu andalama amakonda kukaonera kumeneko?

Bambo a Yankho: Funso labwino mwana wanga. Tiyambe ndi manambala omwewo. Njirayi ili pa phiri la Hahnenkamm, pamwamba pa tawuni ya Kitzbühel m'chigawo cha Tyrol ku Austria. Poyambira ndi mamita 1,665 kuchokera pa nyanja, pothera 805, kutanthauza kuti munthu amatsika mamita 860 pa mtunda wa mamita 3,312 ndipo zonsezo amazimaliza mphindi ziwiri zisanakwane. Koma chinsinsi sichili pa utali ayi, chili pa masekondi 30 oyambirira. Njira zambiri zimakupatsa kampata koti upume, miyendo izolowere, mtima ukhale pansi. Streif siipereka mpata umenewo. Ukangotuluka m'kanyumba koyambira pansi pamatsika kale 51 peresenti, masekondi 10 asanakwane wafika pa Mausefalle pomwe nthaka imangosowa pansi pa mapazi ako.

Tiya: Mausefalle ndi paja amaulukapo mpaka osaoneka pa kamera paja eti?

Bambo a Yankho: Pomwepo. Pamatsika 85 peresenti ndipo ena amauluka mpaka mamita 80 asanagunde pansi. Choopsa nchakuti potsika sukuona kumene ukagwere, ukungodziwa ndi mutu kuchokera pa zomwe unaloweza poyendera njira m'mawa.

Mada_K: 85 peresenti?? si khoma limenelo bambo

Limbani: Ayi amwene, peresenti ndi madigiri ndi zinthu ziwiri. 85 peresenti ikutanthauza kuti ukapita kutsogolo mamita 100 watsika mamita 85, pa madigiri ndi cha m'ma 40. Khoma loongoka ndi madigiri 90. Koma musapeputse, madigiri 40 pa ayezi munthu sungaime ndi nsapato wamba, anthu okonza njira amavala zitsulo zosongoka kumapazi kuti asatsetsereke. Komanso anthu ambiri amaganiza kuti amapikisana pa sinowo wofewa uja timaona pa zithunzi, ayi ndithu, amachita kuthira madzi dala mkati mwa sinowo kuti aume gwa asanduke ayezi, cholinga choti woyamba ndi wa nambala 40 apeze njira yofananako, isakumbike msanga.

Tiya: Nde akuthira madzi dala kuti paterere?? ine ndimayesa amayesetsa kuti pasaterere

Limbani: Ski ili ndi mpeni wachitsulo m'mbali mwake, ndi umene umaluma ayezi pokhota. Pofewa pamakumbika maenje ndipo maenjewo ndi amene amathyola mawondo. Pouma gwa katswiri amadziwa chimene ski ichite.

Bambo a Yankho: Ndipitirize pang'ono poti ndinathera pa Mausefalle. Ukatera pansi thupi limapanikizika ngati kulemera kwako kwawonjezeka katatu, ndiye usanadzuke bwinobwino wafika pa Karussell, kukhota kwakukulu, kenako Steilhang. Kwa ine Steilhang ndiye mtima wa njira yonseyi. Ndi chitsetse cha ayezi yekhayekha chopendekera mbali yolakwika, phiri likukukankhira ku ukonde wachitetezo wa m'mbali mwa njira pomwe iwe ukufuna kukhotera kwina, ndipo potulukira pake ndi kanjira kopapatiza kolowa pa Brückenschuss. Vuto lake ndi ili: kutsogoloko kuli malo athyathyathya otalika, Gschöss, ndiye liwiro limene watuluka nalo pa Steilhang ndi limene uyende nalo mpaka kutali. Ukachita mantha nkubuleka wataya mpikisano pomwepo ngakhale kwatsala mphindi yoposa imodzi. Ukalimba mtima mopitirira wagunda ukonde. Pakati pa ziwirizi pali kampata kochepa kwambiri.

Chisomo92: Paja Bode Miller anakwera ukonde pamenepo mu 2008! ski zake zinayenda pa chinsalu cha m'mbali kenako nkubwerera mu njira, anamalizabe wachiwiri pambuyo pa Didier Cuche. Ndikaiona vidiyo imeneyo mpaka lero thupi limachita tsemwe

Mada_K: Ok apa ndayamba kumva. Nde pakati ndi popumira?

Bambo a Yankho: Popumira pang'ono koma si pogona. Pa Gschöss umakhala wonyonyomala kuti mphepo isakugwire, ntchafu zikuwotcha, apa ndi pomwe ntchito ya anthu opaka wakisi pa ski imaonekera. Kenako Alte Schneise pokhala mabampu, kenako kulumpha kwa Seidlalm komwe sukuonanso kutsogolo, Lärchenschuss, mpaka ufike pa Hausbergkante. Pamenepo ndi pomwe khamu lonse la pansi limayamba kukuona ndi maso, iwenso umayamba kumva phokoso lawo. Ukulumpha, ukukhotera kumanzere mwamphamvu, nkulowa mu Traverse, kudutsa phiri chopingasa pamalo okumbikakumbika, zili ngati kuthamanga chopingasa pa denga la malata lopendekeka, ski zikungogwedezeka miyendo itatopa kale. Ukapulumuka pamenepo ndiye Zielschuss, liwiro limapyola makilomita 140 pa ola, Michael Walchhofer anafikako 153 mu 2006, ndipo pali kulumpha komaliza mzere usanafike.

NaPhiri: Ine nditsutseko pang'ono akuluakulu. Zonse mwanenazi nzoona koma Lauberhorn ya ku Wengen ku Switzerland timaichepetsa. Ndi yakale kuposa, inayamba 1930, ndi yaitali kuposa zonse, pafupifupi makilomita anayi ndi theka, munthu amakhala pa ski mphindi ziwiri ndi theka. Liwiro lija a Mada akunena kuti linapezeka kwina ndi kumeneko, Johan Clarey wa ku France anafika makilomita 161.9 pa ola pa Haneggschuss mu 2013. Pali Hundschopf polumpha pakati pa miyala, pali Kernen-S pomwe umachoka pa liwiro lalikulu nkulowa pa kanjira kochepetsetsa, amadutsanso mu kamphanga pansi pa njanji ya sitima. Pofika pa Ziel-S miyendo imakhala yatha kale. Komanso kukongola kwake, mapiri a Eiger, Mönch ndi Jungfrau ali poteropo. Bwanji imeneyi sitiitcha mfumu?

Limbani: Achemwali mfundo yanu ndi yolemera, Wengen si yamasewera, mu 1991 mnyamata wa ku Austria Gernot Reinstadler anamwalira atagwa pafupi ndi pothera. Koma mmene ndimaonera ine, Wengen imayesa mapapo ndi ntchafu, Kitzbühel imayesa mutu. Ku Wengen kuli mbali zomwe munthu angathe kuganiza. Ku Streif zovuta zimabwera motsatizana pamwamba, kenako zimadzabweranso motsatizana pansi utatopa, nde cholakwa chimodzi chimabala chinzake.

NaPhiri: Koma kutopa nakonso kumasokoneza mutu achimwene. Sindikuvomerabe kuti ina ndi ya mutu ina ya miyendo, zonse zimafuna zonse. Chomwe ndingavomere nchoti ku Kitzbühel mantha amayambira m'kanyumba koyambira momwe, poti ukasuzumira pansi ukuona kale phompho.

Chisomo92: Ndipo zimatsatizana, Wengen sabata ino Kitzbühel sabata yamawa, tangoganizani thupi la munthu

Tiya: Bambo a Yankho tatiuzeniko mbiri, zinayamba bwanji kuti anthu aziponyeka pa phiri chonchi

Bambo a Yankho: Ski inafika ku Kitzbühel ndi munthu wina dzina lake Franz Reisch, amene mu 1893 anatsika phiri la Kitzbüheler Horn pa ski zochokera ku Norway. Kalabu ya ski ya m'tawuniyi inakhazikitsidwa 1902 ndipo mpaka lero ndi yomwe imayendetsa mpikisanowu. Mpikisano woyamba wa Hahnenkamm unachitika mu Malichi 1931, anapambana Ferdinand Friedensbacher, koma nthawi imeneyo sanali kudutsa pa Streif. Streif anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1937 ndipo Thaddäus Schwabl anapambana ndi mphindi 3 masekondi 53. Fananitsani ndi rekodi ya Fritz Strobl ya 1997, 1:51.58. Nthawi inadulidwa pakati. Njira yasinthako apa ndi apo inde, koma phiri ndi lomwelo, chasintha kwambiri ndi zipangizo ndi kakonzedwe ka pansi. Akalewo amatsika ndi ski zamatabwa, nsapato zachikopa, chipewa chaubweya, m'mbali mulibe ukonde koma mitengo ndi mipanda ya alimi.

Chinanso chimene ambiri sadziwa, ganizo la World Cup yeniyeniyo linakambidwa pa phiri lomweli. Mu Januwale 1966 pa nyumba ya Seidlalm, yomwe ili m'mbali mwa njirayi, mtolankhani Serge Lang anakhala pansi ndi makochi awiri, Honoré Bonnet wa France ndi Bob Beattie wa America, nkukambirana zoti pakhale mpikisano wa sizoni yonse wowerengera mapointi. Chaka chotsatira 1967 World Cup inayamba. Nde a Mada mukati kutchuka chabe, ayi, malowa ali pa muzu penipeni pa masewerawa. Toni Sailer amene anatenga mendulo zagolide zitatu pa Olympics ya 1956 ku Cortina anali mwana wa m'tawuni yomweyi.

Mada_K: Zikomo bambo, izi za Seidlalm ndi zachilendo kwa ine. Nanga amene anapambana kwambiri ndani?

Chisomo92: Downhill, mpikisano wotsika paliwiro womwe tikukambawu, ndi Didier Cuche wa ku Switzerland, kasanu, 1998, 2008, 2010, 2011, 2012. Yomalizayo anali ndi zaka 37. Franz Klammer kanayi, 1975, 1976, 1977 kenako anadzabwera 1984 anthu atamuiwala kale

Bambo a Yankho: Ya Klammer ya 1984 ija anthu a ku Austria saiiwala. Koma musadumphe anyamata a ku Canada aja ankawatcha Crazy Canucks, kuyambira 1980 mpaka 1983 Streif inali m'manja mwawo, Ken Read, Steve Podborski, Todd Brooker. Atatero Canada inakhala zaka zoposa 40 osapambananso downhill pamenepa mpaka James Crawford mu 2025, mnzake Cameron Alexander nkukhala wachitatu tsiku lomwelo.

Limbani: Kwa ine kutsika kokongola kuposa konse ndi kwa Stephan Eberharter mu 2004. Anasiya wachiwiri, Daron Rahlves, ndi sekondi 1.21. Amene simutsatira muziona ngati ndi pang'ono koma pa liwiro limenelo ndi mamita makumi angapo, mipikisano yambiri imasiyana ndi kachigawo ka sekondi kosaoneka ndi maso. Ukamuonera suona ngati akulimbana ndi phiri, ski sizikumwaza sinowo pokhota, akungodula mzere woyera. Chaka chomwecho ndi chimene Kristian Ghedina wa ku Italy anatambasula miyendo m'malere pa kulumpha komaliza nkumalizabe wa nambala 6. Anthu amakumbukira kwambiri za Ghedina koma luso lenileni tsiku limenelo linali la Eberharter.

Tiya: Cyprien Sarrazin mu 2024 bwanji, anapambana masiku awiri onse, la Loweruka lija anasiya katswiri wa ku Switzerland Marco Odermatt kumbuyo nkukwera pa chikwangwani cha pothera akukuwa

Chisomo92: Eeh imeneyonso inali moto. Beat Feuz anachitanso kawiri mu 2021, Dominik Paris katatu 2013, 2017, 2019

NaPhiri: Tsopano ndifunse chimene chimandivuta mumtima. Tikutchula opambana koma mndandanda wa ovulala nawonso ndi wautali. Todd Brooker yemweyo anagwa koopsa mu 1987 ntchito yake nkuthera pomwepo. Brian Stemmle mu 1989 anagwera mu ukonde potuluka pa Steilhang, anathyoka chiuno ndipo anatsala pang'ono kufa. Scott Macartney 2008 pa kulumpha komaliza, tsiku lokumbukira kubadwa kwake, helimeti mpaka kuvuka. Daniel Albrecht 2009 malo omwewo pa tireningi, anakhala chikomokere masabata atatu. Hans Grugger 2011 pa Mausefalle anavulala mutu, sanabwererenso pa mpikisano wa World Cup. 2016 Streitberger, Reichelt ndi Svindal onse anagwa pansi pa Hausbergkante tsiku limodzi kuwala kutachepa, mpikisano anauimitsa atatsika anthu 30 okha, Peter Fill ndiye anapambana. Svindal amatsogola pa mapointi a sizoni yonse, bondo linatha pomwepo. Nde ife owonera, kodi sitikukondwera ndi ngozi za ana a eni? TV ikamabwereza kugwa kwa munthu kasanu ine zimandinyansa.

Mada_K: Apa mwakhudza pomwe ndimafuna kufika. Mwina dzina la Streif linamangidwa pa magazi basi

Limbani: Sindikana kuti ena amaonera pofuna kuona munthu akugwa, alipo. Koma ndikukana kuti ndicho chimene chimaipanga njirayi kukhala yapamwamba. Funsani, nchifukwa chani akatswiri eni ake amalakalaka kupambana pano, ena mpaka kuiyerekeza ndi mendulo ya Olympics? Njira ya Olympics imasintha zaka zinayi zilizonse, pena imakhala yongopangidwa ndi mathirakitala pa phiri lomwe palibe anapikisanapo. Streif ndi yomweyo imene anatsika Sailer ndi Klammer, mabampu ake ndi a phiri lenilenilo, nthawi yotentha pamadya ng'ombe. Ukapambana pamenepo ukudziyeza ndi mibadwo yonse. Ngozi si cholinga, ngozi ndi chizindikiro choti penapake malire apyoledwa, ndipo zikachitika okonza amayenera kusintha.

Bambo a Yankho: Ndipo amasinthadi mayi. Kulumpha komaliza kuja akhala akukumeta kangapo ngozi zija zitachitika, ngakhale mu 2021 Urs Kryenbühl anagwanso pomwepo koopsa, kusonyeza kuti nkhani yake siinathe. Maukonde a lero ndi mizere ingapo, ena ataliatali omangidwa pa zitsulo okhala ndi chinsalu choterera kuti ski isakodwe, ena aafupi oikidwa motsatizana kuti achepetse liwiro la munthu pang'onopang'ono. Amapaka utoto wa buluu pa sinowo kuti maso aone mabampu kukachita mdima. Palibe amaloledwa kupikisana asanatsike pa tireningi. Ambiri tsopano amavala chovala chokhala ndi airbag mkati chomwe chimafufuma chikazindikira kuti munthu akugwa. Helikopita imakhala chire. Mphepo kapena chifunga zikavuta amatsitsa poyambira, kusiya Mausefalle kumtunda, ngakhale owonera adandaule.

NaPhiri: Zimenezo ndikuzivomera, koma zipangizo nazo zikupita patsogolo, ski zikuluma kwambiri, liwiro likukwera, nde chitetezo chimangothamangira kumbuyo. Ine ndimafuna oyendetsa mpikisano azimvera othamanga akanena kuti lero sizili bwino, asamaope TV ndi masiponsa. Mu 2016 muja kwa ine anachedwa kuimitsa.

Limbani: Pamenepo tili limodzi achemwali. Mawu a amene akuika khosi lake azikhala olemera kuposa a wina aliyense.

Tiya: Funso lina, azimayi sapikisana pa Streif?

NaPhiri: Kale ankapikisana pa Hahnenkamm mpaka 1961, kuchokera apo downhill yake ndi ya amuna okha. Katswiri wa ku America Lindsey Vonn anatsikapo usiku mu 2023 atapuma kale pa mipikisano nthawi imeneyo, sunali mpikisano koma anaonetsa kuti mzimayi angathe kulumpha Mausefalle. Azimayi ali ndi njira zawo zolemekezeka, monga Olimpia delle Tofane ku Cortina, imeneyonso tidzaikambe tsiku lina poti ili ndi mbiri yake.

Chisomo92: Musaiwalenso kuti sabata imeneyi si downhill yokha, pambali pomwepo pali Ganslernhang pochitikira slalom, mpikisano wokhotakhota pakati pa timitengo, Lamulungu, napo ndi povuta heve, mabampu okhaokha. Dave Ryding anapambana pamenepo mu 2022, munthu woyamba wa ku Britain kupambana mpikisano wa World Cup wa alpine, ali ndi zaka 35, ndipo anaphunzirira ski pa kaphiri ka pulasitiki kopanda sinowo. Ndinasangalala ngati ndi m'bale wanga

Mada_K: Nanga wopambana amalandira chani kupatula ndalama?

Bambo a Yankho: Chikho chake ndi chifanizo cha Gams, nyama ya m'mapiri yonga mbuzi yomwe ilinso pa chizindikiro cha tawuniyi. Koma chimene ambiri amachinyadira ndi china, dzina la wopambana limalembedwa pa kagondola kamodzi ka Hahnenkammbahn, tingolo tija toyenda pa chingwe tokweza anthu pa phiri. Nde wachinyamata amene akupita kukatsika koyamba amakwera m'kagondola kolembedwa Klammer kapena Cuche.

Tiya: Munthu wamba angatsikepo?

Limbani: Mpikisano ukatha amatsegula, koma pali njira ina amati Familienstreif yomwe imazungulira malo oopsawo, ndi imene ambiri amadutsa. Mausefalle, Steilhang ndi Hausberg amaziika kuti ndi za odziwa kwambiri okha. Nthawi yotentha mutha kuyenda wapansi njira yonse, pali zikwangwani zofotokoza chigawo chilichonse, ndipo pothera paja pamasanduka bwalo la gofu. Palinso mpikisano wina wotchedwa Vertical Up, anthu amathamanga kukwera njira yomweyi usiku pa sinowo kuchokera pansi mpaka ku kanyumba koyambira.

NaPhiri: Ine nkhawa yanga ina ndi nyengo. Pothera pa mamita 805 ndi pansi kwambiri poyerekeza ndi malo ena a mu Alps. Mu 2007 downhill inalephereka chifukwa kunatentha sinowo nkusungunuka. Masiku ano amadalira makina opanga sinowo koma nawo amafuna kuzizira kuti agwire ntchito, kukafunda sungachite kanthu.

Bambo a Yankho: Nzoona, ndipo ntchito yokonza ndi yaikulu kuposa mmene TV imaonetsera. Pa Mausefalle ndi Steilhang makina sangachite zonse, anthu mazanamazana kuphatikizapo asilikali a dziko la Austria amagwira ndi mafosholo ndi mapazi, sinowo watsopano akagwa usiku amayenera kumuchotsa yense m'mawa kusanache poti wofewa pamwamba pa ayezi ndi woopsa kuposa ayezi weniweniyo.

Mada_K: Nde ndikamadzaonera Januwale akubwerayu ndiziyang'ana pati kuti ndidziwe amene akuchita bwino, poti ine onse ndimangoona ngati akuthamanga mofanana

Limbani: Malo atatu amwene. Potuluka pa Steilhang onani kuti wadutsa pafupi bwanji ndi ukonde komanso ngati ski zikudula kapena zikukwekwereza chammbali, zikatulutsa fumbi la sinowo lambiri ndiye kuti wataya liwiro, ndipo muona nthawi yake pa TV ikufiira, kusonyeza kuti watsalira, pa chigawo chotsatira. Pa Hausbergkante onani ngati watera msanga nkuyamba kukhota nthawi yomweyo, wouluka kwambiri amachedwa kukhota. Mu Traverse onani amene wakhala m'mwamba osakokedwera pansi, ameneyo amalowa mu Zielschuss moongoka. Manja nawonso amaulula, akamapalasa m'malere ndiye kuti zamuthina.

Chisomo92: Komanso muzionera tireningi ya mkati mwa sabata ngati ikuonetsedwa, mumaona mizere yosiyanasiyana imene akuyesa asanasankhe ya Loweruka

NaPhiri: Ndipo musatseke TV akangotsika 15 oyambirira. Kuwala kumasintha pa Hausberg, dzuwa likatuluka wa nambala yakumbuyo amatha kusokoneza zonse. Thomas Dressen wa ku Germany mu 2018 anatsika ndi nambala 19 dzuwa litangowala, nkulanda mpando kwa Feuz amene ankaoneka kuti wapambana kale.

Mada_K: Bho, ndalemba zonse. A Limbani mukapeza vidiyo ya Eberharter ya 2004 ija muiponye pano, ndikufuna ndione potuluka pa Steilhang pomwe mukunenapo.